Sewero la mwana wa ku Wimbe: nanga ife tidzaonera kuti?

Tsiku lina ndili pa depoti ya basi pa Kasungu boma ndidauza mnzanga wogulitsa zitsulo za njinga kuti nkhani ya William Kamkwamba yasanduka sewero la nyimbo ku England. Iye adaseka, nati: "Ndiye achimwene, tikwere basi iti kuti tikaonere?" Ndidaseka naye, koma funsolo silidandichoke m'mutu.

Nkhaniyi ambiri mukuidziwa. William, mwana wa mlimi wa chimanga ndi fodya wa ku Wimbe, adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Adatola zitsulo zotayidwa ndi dainamo ya njinga, napanga makina otulutsa magetsi ndi mphepo. Buku lake, The Boy Who Harnessed the Wind, lidatuluka mu 2009. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor adatulutsa filimu yake pa Netflix, yojambulidwa konkuno, Chichewa chili tho. Kenaka mu 2025 gulu la Royal Shakespeare Company lidalengeza sewero loimba ndi kuvina la nkhani yomweyi, loonetsedwa mu 2026 ku Stratford-upon-Avon ndi ku London.

Nzonyaditsa ndithu. Koma sewero la pasiteji lili ngati fodya wa pachala uja akulu adati ngwa mphepo: nsalu ikatsekedwa, latha. Amene adalipo aona, amene padalibe angomva. Ndipo amene sangakhalepo ndi eni nkhani: alimi a ku Wimbe, matenanti a m'maesiteti, ana asukulu amene adabwezedwapo pa geti chifukwa cha fizi monga William.

Maganizo anga ndi akuti sewero lotere lijambulidwe bwinobwino pa kanema, ndipo kanemayo abwere kuno kwawo kwa nkhani. Izitu si maloto. Kuyambira 2009 National Theatre ya ku London yakhala ikujambula masewero ali mkati nkumawaonetsa m'nyumba za kanema m'maiko ambiri. Sewero la Fela!, la moyo wa woimba wa ku Nigeria Fela Kuti, lidaonetsedwa motere mu 2011, ndipo chaka chomwecho osewera ake adakalisewera ku Lagos. Ku America sewero la Hamilton adalijambula mu 2016 nkulitulutsa pa Disney+ mu 2020. Ena ankaopa kuti anthu akaonera kunyumba sadzagulanso matikiti, koma sewerolo lidapitirira kudzaza holo.

Koma tisamangoloza chala azungu, akuluakulu. Nanga zathu tasunga zingati? Du Chisiza Jr, amene adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, adamwalira mu 1999, chaka chimene Television Malawi idayamba kuulutsa. Gertrude Kamkwatira adatsatira mu 2006. Amene tidawaonera ku French Cultural Centre kapena m'maholo a sukulu timangosimba ngati nthano. Mwana wa Fomu 3 amene akukonzekera mpikisano wa masewero akafuna kuona mmene Du ankayendera pasiteji, timuuza kuti apite kuti? Yerekezani ndi Izeki ndi Jakobo: John Nyanga adatisiya mu 2016, Eric Mabedi mu 2021, koma poti ambiri mwa masewero awo adajambulidwa, mpaka lero akuseketsa anthu m'mafoni ndi m'mabasi.

Pamenepa mpamene pagona vuto lachiwiri, ndipo inu anzanga amalonda musandikwiyire. Kanema akangotuluka, mawa lake ali pa memore khadi pamsika, wokopera walandira yake, wosewera ali manja lende. Nchifukwa chake magulu ena amadana ndi kamera, ndipo sindiwadzudzula. Tili ndi bungwe la COSOMA kuyambira 1992, tilinso ndi lamulo latsopano loteteza aluso la 2016. Chofunika nchakuti kamera isanayatsidwe pakhale mgwirizano wolembedwa: wolemba sewero, wopeka nyimbo, oimba ndi ovina, aliyense adziwe gawo lake kanemayo akagulitsidwa kapena akaulutsidwa. Mwini holo ya vidiyo naye azilipira kangachepe. Mlimi sapereka belo ya fodya popanda kuona sikelo. Bwanji wosewera apereke thukuta lake ulele?

Chachitatu, kujambula si kungoimika foni kumbuyo kwa holo ayi. Sewero la nyimbo limafuna makamera angapo, ina yoona siteji yonse, ina yoona nkhope, komanso mawu otengedwa pa maikolofoni a osewerawo, osati phokoso la ng'oma ndi mluzu wa oonera. Zikapanda kutero, woonera amati sewerolo ndi lozizira, pamene chozizira ndi kajambulidwe.

Nanga oonera alipo? Funsani aliyense wochita malonda pa Chinkhoma msika wa fodya ukatsegulidwa. Ndalama zikalowa m'thumba, maholo a vidiyo amadzaza ndi anthu oonera mpira wa ku England ndi mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa. Anthu omwewo angalephere kulipira kuti aone mwana wa kwawo akuimbidwa? Chongofunika ndi mawu a Chichewa pansi pa kanema, pulojekita, nsalu yoyera ndi bwalo la sukulu. Netflix imafuna bandulo ndi khadi la kubanki; nsalu pabwalo imangofuna mdima ndi magetsi pang'ono.

Tsono pempho langa lipite kuwiri. A unduna woona za chikhalidwe alankhule ndi eni sewero la ku England kuti kanema wake adzaonetsedwe ku Wimbe. Ndipo a MBC, makoleji ndi magulu a zisudzo agwirizane kuti sewero lililonse lalikulu la m'dziko muno lijambulidwe, kope limodzi likasungidwe ku National Archives ku Zomba.

Mnzanga wa zitsulo za njinga uja akudikirabe yankho. Basi yopita ku London palibe pa depoti ya Kasungu, choncho sewerolo ndilo likwere basi, libwere kuno.