Kwa Mkanda si kumathero kwa dziko

Anthu ambiri a ku Lilongwe amadziwa Mchinji wa pamsewu wa M12 basi: Kamwendo, boma lomwe atsamunda ankalitcha Fort Manning, kenako chipata cha Mwami. Kwa Mkanda, kumpoto kwa boma kufupi ndi malire a Zambia, amakutenga ngati kumathero kwa dziko. Zimandiwawa ndikamamva choncho, chifukwa mtedza umene iwo amasinjira ndiwo m'tauni umachokera kumadera ngati amenewa.

Dera lake ndi chigwa chotambalala, cha dothi lakatondo ndi madambo osauma msanga. Madzi ake amatsikira mu Rusa, Rusa n'kukathira mu Bua, mtsinje woyambira m'mapiri a Mchinji. Nthaka yotere siinyenga mlimi. Fodya wa bale ndiye adabweretsa maesiteti ndi matenanti, koma lero ukafika nthawi yokolola umaona soya ndi mtedza zili mbwee pabwalo lililonse.

Malire a kuno ndi mzere wa pamapu chabe. Achewa ndi Angoni a mbali zonse ziwiri amakwatirana, amaikana maliro, amagulitsana mbuzi. Wakabaza amadziwa mtengo wa kwacha ya ku Zambia m'mawa uliwonse osafunsa kubanki. Mu Disembala 2022 a Chakwera ndi a Hichilema adatsegulira limodzi ofesi imodzi ya pachipata cha Mwami, ndipo njanji idafika ku Chipata mu 2010. Ndi zinthu zabwino, koma zidamangidwira katundu wodutsa. Mayi wa thumba limodzi la mtedza sizimukhudza.

Chimene chimamukhudza ndi sikelo. Mwezi wa Meyi ukafika, mavenda amaikoloweka pamtengo m'mbali mwa msewu. Mayiyo ali ndi ngongole ya feteleza, mwana wabwezedwa kusukulu, ndipo galimoto yopita kuboma ingamudyere phindu lonse. Sangadikire mpaka Okutobala pamene mtengo umakwera. Amagulitsa lero, pamtengo wonenedwa ndi mwini sikelo, nthawi zina sikelo yake yokhotetsa dala. Sindikunyoza mavenda onse, poti ndi iwo okha amene amafika kumene wogula wamkulu safuna kuipitsa matayala. Koma soya wogulidwa motereyu akakayengedwa kutauni amabwerera kwa Mkanda m'botolo la mafuta ophikira, mtengo wake wosagwirika kwa amene adamulima.

Njira ina idaonekapo kale m'boma lomweli. Alimi a MASFA, bungwe la pansi pa NASFAM, adaphunzira kuumitsa mtedza bwino kuti usagwire chuku, nautumiza mpaka ku Britain pansi pa chizindikiro cha Fairtrade. Sadali anthu achilendo ayi, adali alimi a khasu ngati anzawo.

Pakufunika nkhokwe yoti mlimi asungitsemo thumba lake n'kulandirako kangachepe podikira mtengo, makina oyengera mafuta pamsika pomwepo, ndi misewu ya kumidzi yoti lole idutse ngakhale mu Febuluwale. Makhansala athu akakhala pansi kukonza bajeti, ayambire pa zitatuzi.