Tisamaseke kanema wa batire uja

Sabata yatha ku hositelo tinkaseka ndi anzanga nditawauza kuti kanema woyamba amene ndinaonera anali woonetsa zakuda ndi zoyera zokha. Wina anafunsa ngati ndinabadwa nthawi ya atsamunda. Ayi, ndinabadwira m'mudzi wina kuseri kwa Mponela, m'boma la Dowa, ndipo zimenezi zinali cha m'ma 2006. Chisekocho chitatha ndinatsala ndikuganiza, ndipo ndikufuna ndinene poyera kuti kabokosi kaja kanali ndi chinthu chimene foni zathu zamakonozi zatilanda.

Tiyambe ndi mbiri pang'ono, chifukwa ambiri a ife sitidziwa kuti kanema anafika mochedwa kwambiri kuno. Ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, wailesi yakanema inayamba mu 1960. Ku Kitwe, m'dziko la Zambia, inayamba mu 1961. Ku South Africa inadza mu 1976. Agogo athu amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ndi m'nyumba za azungu ndiwo anali oyamba kuona kanema, ndipo pobwerera ku Dowa ndi ku Ntchisi ankasimba za anthu olankhula m'bokosi ngati nthano. Kuno kwathu, mu ulamuliro wonse wa Dr Hastings Kamuzu Banda, kunalibe wailesi yakanema ya dziko lino. Tinali ndi wailesi ya MBC basi. Television Malawi, yomwe aliyense ankaitchula kuti TVM, inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, nthawi ya a Bakili Muluzi, ndipo poyamba inkaulutsa maola ochepa chabe madzulo.

TVM inkaulutsa zithunzi za mitundu yonse, koma kumudzi ndani akanagula kanema wamkulu wofuna magetsi a ESCOM? Amalume atagulitsa fodya wawo ku okushoni ku Kanengo, anabwera ndi kakanema kakang'ono kakuda ndi koyera, kogwiritsa ntchito batire ya galimoto. Eliyo anaimangirira pansungwi yaitali kuseri kwa nyumba. Mphepo ikawomba kuchokera kumapiri, pagalasi pankangodzaza timadontho tomwe tinkati mpunga, ndipo mnyamata mmodzi ankatuluka kukapotoza nsungwiyo ife tikukuwa kuti, "Pomwepo! Bwererani pang'ono!" Batire ikatha, ankaikweza panjinga kupita nayo ku Mponela kukatchajitsa, ndipo masiku awiri kunkakhala zii.

Madzulo a tsiku loonera, mphasa zinkayalidwa pabwalo dzuwa lisanalowe. Ana tinkakhala kutsogolo, amayi ndi makanda kumbuyo kwathu, abambo pamipando chapambali. Kanemayo anali ndi tchanelo chimodzi, ndiye chilichonse chobwera tinkaonera. Kukabwera nyimbo za makwaya ndi magule, agogo aakazi ankawomba m'manja. Kukabwera pologalamu ya zaulimi kapena ya zaumoyo, ife ana tinkayasamula, koma palibe ankachoka chifukwa malo ako akanatengedwa. Ikakwana nthawi ya nkhani, amalume ankangokweza dzanja, bwalo lonse duu. Pambuyo pake, tsiku lake likakhala limenelo, pankabwera Tikuferanji, sewero lomwe bungwe la ADRA linkakonza, momwe a Michael Usi ankasewera ngati Manganya. Pamenepo ngakhale odwala ankadzuka.

Mfundo yanga ili pamenepa. Kuti ufike pa Manganya, unkayenera kudutsa m'zinthu zimene sunasankhe. Unkamva za mtengo wa feteleza, za kolera ku chigawo chakumwera, za zokambirana ku Nyumba ya Malamulo. Mwana wa zaka 8 sankamvetsa zonse, koma ankazolowera kuti dziko ndi lalikulu kuposa mudzi wake ndipo nkhani za ena zimamukhudza. Komanso zimene tinkaonazo tinkazionera limodzi. Seweroli litanena za Edzi, nkhani imene pamudzi anthu ankainong'ona, mawa lake amayi kuchitsime anali ndi poyambira kuikamba, chifukwa onse anaona chinthu chimodzi. Mtsikana amene sakanayerekeza kufunsa bambo ake za matendawa ankamva yankho atakhala nawo pabwalo lomwelo.

Taonani mmene tikukhalira pano. M'chipinda chimodzi muli anthu anayi, aliyense ndi foni yake ndi zomvera m'makutu. TikTok, Facebook ndi YouTube zinapangidwa kuti ziziona chimene wakhalitsapo maso, n'kukupatsa china chofanana nacho. Wokonda mpira amaona mpira wokhawokha, wokonda nthabwala amaona nthabwala mpaka bando itatha. Chimene sichikukusangalatsa m'masekondi atatu umachikankha ndi chala. Zotsatira zake ndi zoti pano pali ophunzira odziwa osewera onse a Arsenal koma osadziwa dzina la phungu wakwawo, kapena mtengo umene makolo awo agulitsira soya chaka chino, pomwe soyayo ndiye akulipira fizi.

Wina anena kuti ndikukometsa zakale, ndipo ali ndi mfundo. Tchanelo chimodzi chija chinali cha boma, ndipo nkhani zake zinkadzaza ndi misonkhano ya chipani cholamula. Madandaulo oti wailesi za boma zimakondera akhala akumveka pa chisankho chilichonse, ngakhale TVM itaphatikizidwa ndi MBC. Munthu wa ku Malomo kapena ku Nthondo sankadziona pakanemayo pokhapokha mtsogoleri akapita kukachititsa msonkhano kumeneko. Ndiponso ulamuliro umene unatimana kanema kwa zaka 30 ndi womwewo umene unkatsekera anthu ku Dzaleka, pa Dowa pomwepa, chifukwa cha maganizo awo. Palibe wanzeru angafune kubwerera kumeneko. Kukhala ndi Zodiak, Times, Luntha ndi ena ambiri, komanso foni imene mlimi wa ku Madisi angajambulire mlatho wogumuka n'kuuonetsa dziko lonse, ndi ufulu umene tiyenera kuuteteza.

Koma ufulu wosankha ukafika poti munthu amangomva zomukomera, umam'siya wosauka m'mutu. Ife amene tili pakoleji pano tikukonzekera kukakhala aphunzitsi, anamwino, owerengera ndalama ndi atsogoleri a m'madera. Ntchito zonsezi zimafuna munthu wotha kukhala pansi n'kumvetsera nkhani yosam'sangalatsa mpaka kumapeto: kholo lodandaula, wodwala wofotokoza mozungulira, mfumu yoyamba ndi mbiri ya malire. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumeneku ine ndinakuphunzira pamphasa ija, ndikudikira kuti bambo wa zaulimi amalize kuti Manganya abwere.

Sindikupempha kuti titaye mafoni. Ndikupempha zinthu ziwiri zing'onozing'ono. Choyamba, kanema wa m'chipinda chochezera asamangoyatsidwa tsiku la mpira wa ku England. Bungwe la ophunzira lingasankhe madzulo awiri pa sabata oti tizionera limodzi nkhani za m'dziko muno, lero pa tchanelo ichi, tsiku lina pa chinzake, kenako n'kukambirana kwa mphindi 20 za zimene tamva ndi zimene aliyense wasiya. Chachiwiri, aliyense wa ife, kamodzi patsiku, aonere kapena kumvera mpaka kumapeto chinthu chimodzi chimene sakanachisankha yekha, makamaka cha m'Chichewa chokhudza ulimi, umoyo kapena maboma akutali ndi kwawo.

Patchuthi chapitachi ndinapeza kakanema kaja kali m'nkhokwe yakale kwa amalume, nkhuku ikuikira mazira pambali pake. Pano pamudzi pali masola ndi mafoni pafupifupi nyumba iliyonse. Ndinawafunsa amalume kuti, "Kodi simukusowa kanema wanu uja?" Iwo anati kanemayo sakumusowa, koma anthu amene ankadzaza pabwalo lawo madzulo. Ndiye ndikufunsa anzanga a ku hositelo: Lachiwiri likubwerali nthawi ya nkhani, ndani abwere kudzakhala nane m'chipinda chochezera?