Nyimbo zomveka ngati za kumwamba zili ndi eni ake pansi pano

Nyimbo zosakaniza maimbidwe akale a m'matchalitchi a ku Ulaya ndi a mitundu yakutali zafala m'mafilimu, m'malonda a pa kanema ndiponso pa intaneti. Zimamveka ngati zopanda mwini, koma eni ake alipo.

Gulu la Enigma, lotsogoleredwa ndi Michael Cretu, lidatchuka mu 1990 ndi nyimbo ya Sadeness, momwe mudalowa mawu a kwaya ina ya ku Munich popanda chilolezo. Nkhaniyo idathera pa chipukuta misozi.

Mu nyimbo ina, Return to Innocence, mudamveka mawu a Difang Duana ndi mkazi wake Igay, alimi a mtundu wa Amis ku Taiwan. Iwo adazindikira izi nyimboyo itagwiritsidwa ntchito potsatsa mpikisano wa Olympics wa 1996. Adasuma, ndipo mlanduwo udatha pomvana mu 1999.

Lero makina a AI akupeka nyimbo potengera zojambulidwa kale, kotero kuloza mwini wa liwu kwavutiratu. A Duana adawamva, nkuwazindikira. Nanga woimba wa kumudzi amene liwu lake lasungunuka m'makina adzadandaula ndi umboni wanji?