Chaka chisanathe, tisuzumire kunsi kwa bedi

Mwezi wa Disembala ukapitirira pakati, dzuwa limatuluka msanga n'kuchedwa kulowa, moti cha pa 21 kapena pa 22 usana umatalika kuposa tsiku lina lililonse pachaka kuno kwathu. Mvula imakhala itakhazikika, chimanga chikufuna khasu, ndipo m'makomo ambiri amayi amakhala kalikiliki kuzira, kuchapa makatani ndi kusesa pabwalo pokonzekera alendo a Khirisimasi. Ndi mwambo wabwino ndipo tikuuyamikira. Chodandaulitsa n'chakuti tsache lathu limathera pomwe maso a mlendo amalekezera. Kunsi kwa bedi, pamwamba pa kabati ndi m'kachipinda kosungira katundu timangokankhirako zinthu n'kutseka chitseko.

Pempho lathu ku mabanja achikhristu m'nyengo ino ndi lakuti titsegule malo amenewa ndi kudzifunsa moona mtima ngati zonse zomwe zaunjikana m'menemo zikutumikira munthu aliyense.

Tikudziwa chomwe chimatichititsa kusunga. Ambiri a ife tidakula movutika, ndipo amene adaona njala ya 2002 sangataye chinthu mwachisawawa. Mawu akuti "mwina tidzachifuna" adapulumutsapo mabanja ambiri. Baibulo nalo silidzudzula kusunga, pakuti Yosefe adasonkhanitsa tirigu ku Igupto zaka zisanu ndi ziwiri. Koma tirigu uja adamusungira pakamwa pa anthu, ndipo njala itafika nkhokwe zidatsegulidwa. Pa Eksodo 16 timawerenganso za kusunga kwa mtundu wina. Aisraele ena, posakhulupirira kuti Mulungu adzawapatsanso mana m'mawa mwake, adabisa wina usiku, ndipo kutacha adapeza atagwa mphutsi n'kununkha.

Zomwe zidachitikira mana zimachitikanso m'nyumba zathu dzinja lililonse. Chinyezi chikalowa, nsapato zomwe mwana adazikula zaka zitatu zapitazo zimachita chuku, bulangete lomwe tidalipinda m'sutikesi limadyedwa ndi njenjete, mabuku a sukulu amasanduka chakudya cha chiswe, ndipo makatoni amakhala chisa cha makoswe ndi mphemvu. Panja napo, zitini, zigubu zong'ambika ndi matayala akale zimasunga madzi amvula momwe udzudzu umaswana. Pofika mwezi wa Epulo, chomwe tidachiumira chimakhala chosathandiza ife ngakhalenso wina aliyense.

Pamene izi zikuonongeka, miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ili pakhomo, miyezi yomwe ufa umatha m'nyumba zambiri chimanga chatsopano chisanache. Sukulu zikamatsegulira teremu yachiwiri, pali mwana kuseri kwa mpanda wathu amene adzapita wopanda nsapato, yunifomu itang'ambika, pomwe ya mwana wathu yagona m'thumba. Anthu atafunsa Yohane Mbatizi chomwe ayenera kuchita pokonzekera kudza kwa Ambuye, yankho lake pa Luka 3 lidayambira pa zovala ndi chakudya: amene ali nazo zopitirira agawireko wopanda. Ndi uthenga womwe mipingo yambiri imaulalikira Khirisimasi isanafike, ndipo kuumvera kwake kumayambira pa sutikesi ija.

Tidaonetsa kale kuti tingathe. Namondwe wa Freddy atasakaza m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, n'kusiya anthu oposa 500,000 opanda pokhala, mipingo idasonkhanitsa zovala, ziwiya ndi zofunda m'masiku ochepa chabe. Zambiri mwa izo zidachokera m'masutikesi omwewa. Funso n'lakuti, kodi tiziyembekezera tsoka kuti tizindikire kuti tili nazo zogawa? Akuluakulu adati kupatsa n'kuika.

Komabe ntchitoyi ifunika kuigwira mofatsa, chifukwa m'nyumba mumakhala anthu ndipo chinthu chilichonse chili ndi mwini wake. Mfumu Hezekiya atalamula kuti Nyumba ya Mulungu iyeretsedwe, monga tikuwerengera pa 2 Mbiri 29, ansembe ndi Alevi adatenga masiku 16 akutulutsa zonyansa. Ifenso tisafune kumaliza nyumba yonse tsiku limodzi mpaka kukwiyitsana. Sutikesi imodzi Loweruka masana ndi yokwanira, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kufatsa kukutanthauzanso kufunsa. Wailesi yakufa ya bambo, nsalu yakale ya agogo kapena kope la mwana zingaoneke ngati zinyalala kwa wosesa, pomwe kwa mwini wake zili ndi mbiri. Mayi asataye cha bambo mwamseri, bambo asagawe cha mayi popanda kukambirana, ndipo ana apatsidwe mpata wosankha okha chomwe angapatse anzawo, kuti aphunzire kupatsa akadali aang'ono.

Pa katundu wa omwe adatisiya tisamale koposa. Mayi wamasiye amene akusungabe jekete la malemu mwamuna wake asakakamizidwe kulichotsa. Nthawi yake idzakwana ndipo adzanena yekha. Achibale asasandutse kusesa m'nyumba kukhala njira yotengera katundu wa ana amasiye. Kulanda chuma chamasiye ndi tchimo pamaso pa Mulungu, ndiponso ndi mlandu malinga ndi lamulo lomwe dziko lino lidakhazikitsa mu 2011.

Tikamasankha, zina n'zoyenera kusungidwa bwino kuposa kale. Ziphaso za unzika, timabuku ta kuchipatala, makalata a malo, masatifiketi a sukulu ndi makadi a ubatizo tiziike m'pulasitiki pamalo okwera pomwe madzi sangafike. Mankhwala omwe adatha mphamvu tisawapatse munthu. Tikafunse kuchipatala za katayidwe kake. Mankhwala othira m'chimanga ndi m'munda atalikirane ndi chakudya komanso manja a ana. Zitini ndi zigubu zopanda ntchito tizikwirire kapena kuzivundikira.

Zomwe tasankha kugawa zikhale zoti ifenso tingavale. Tizichape, tisoke pong'ambika, tibwezeretse mabatani. Mneneri Malaki adadzudzula anthu omwe ankapereka nsembe ziweto zolumala ndi zodwala, ndipo kupatsa wosauka nsanza zomwe tikufuna kuzitaya sikusiyana kwenikweni ndi khalidwe limenelo. Tipereke mwakachetechete, osachititsa manyazi wolandira. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi atsogoleri a m'miphakati amadziwa khomo lomwe muli wodwala, nkhalamba yosowa chofunda kapena mwana amene wasiya sukulu chifukwa cha zovala. Tiwadalire kuti afikitse mphatso zathu pamalo oyenera.

Choncho usiku wa pa 31 Disembala tisanapite kukachezera m'mapemphero, tipeze tsiku limodzi lokhala pansi monga banja, titsitse sutikesi imodzi, tithokoze Mulungu pa chilichonse chomwe titulutsemo, kenaka tigwirizane kuti chikupita kwa yani. Mulungu amene watidyetsa ndi kutiveka chaka chino sadzatisiya m'chaka chikudzachi.