Nkhumba Yosiyidwa Kuyenda Yokha Si Ulimi

Pali bodza limene lazika mizu m'midzi ya ku Neno, kuyambira kumapiri a kwa Dambe mpaka kuchigwa cha Lisungwi, lakuti nkhumba ndi chiweto chodzisamala chokha. Akuti ungoitsekulira khola m'mamawa, madzulo idzabwera yokhuta. Masiku ano bodzali lapeza atetezi ovala mataye, amene anamva kuti ku Britain ndi ku Spain alimi amaweta nkhumba pabusa ndipo nyama yake imagulidwa pamtengo wokwera. Tikufuna kunena poyera kuti anthu amenewa akusocheretsa alimi athu.

Nzoona kuti m'maiko amenewo nkhumba zimadya panja. Koma busa lake nlotchingidwa ndi mpanda, ndipo mwini wake amadziwa chimene chiweto chake chadya. Kodi zimenezi nzofanana ndi nkhumba yongoyendayenda kuseri kwa nyumba za anthu?

Nkhumba si ng'ombe. Ili ndi chifu chimodzi, sibzikula, ndipo singanenepe ndi udzu wokha. Ikasiyidwa ndi njala imafukula chinangwa cha mnansi, imalowa m'dimba, imathera mbatata ya kachewere imene alimi a kumtunda amadalira, ndipo milandu yake imatha masiku pabwalo la amfumu. Choipa koposa, mutikhululukire mawuwa, imadya chimbudzi cha munthu amene wadzithandiza kutchire. Ngati munthuyo ali ndi njoka yam'mimba yaitali ija, mazira ake amasanduka masese m'nyama ya nkhumba. Wodya nyamayo isanapse bwino amatenga njokayo, ndipo mazira ake akalowa mwa munthu kudzera m'manja kapena m'madzi akuda amatha kukafika ku ubongo ndi kuyambitsa khunyu. Akatswiri anazipeza zimenezi pakati pa abale athu a ku Katete m'Zambia ndi ku Angonia m'Mozambique. Ife tikamaona mwana akugwa, timathamangira kunena za ufiti, pamene mfitiyo ikufwenthera pansi pa nkhokwe.

Nanga chigodola? Matendawa anafotokozedwa koyamba ku Kenya mu 1921, ndipo mpaka lero alibe mankhwala ochiza. Njiri ndi nguluwe zimasunga kachilombo kake popanda kudwala, nkhufi zimakafalitsa, ndipo kamakhala m'nyama kwa miyezi. Mu 2018 kanalowa m'dziko la China, limene limaweta nkhumba zochuluka kuposa dziko lina lililonse, nkupha nkhumba miyandamiyanda. Ngati dziko lalikulu chotero linagwada, mlimi wa kwa Symon wa nkhumba zitatu angalimbe bwanji? Nkhumba imodzi yotola nyenyeswa za kanyenya pamsika wa Zalewa ikhoza kupululutsa makola a mudzi wonse sabata ziwiri zisanathe.

Ena adzatiyankha kuti mlimi wosauka alibe ndalama zogulira chakudya cha nkhumba yotsekeredwa. Dandaulo limeneli sitilipeputsa, pakuti m'miyezi ya njala gaga amalimbirana anthu ndi ziweto. Koma yankho lake si kutsekula khola. Mlimi atchinge kamalo kochepa ndi mitengo yolimba, akagawe pawiri kapena patatu, adzalemo mbatata ya kholowa ndi bonongwe, ndipo azisamutsa nkhumba zikafukula mbali imodzi. Mbali imeneyo imatsala yolimidwa kale ndi yothiridwa manyowa. Awonjezere gaga ndi soya wokazinga. Kuchigwa kotentha asaiwale mthunzi ndi thope logaagaamo, chifukwa nkhumba situlutsa thukuta monga munthu. Ndipo awete zochepa zimene angathe kudyetsa. Nkhumba imatenga bere miyezi itatu, sabata zitatu ndi masiku atatu, choncho yaikazi imodzi yosamalidwa bwino ikhoza kuswa kawiri pachaka.

Tsono mawu athu apite kwa inu ogwira ntchito m'boma ndi atsogoleri a m'madera. Neno inakhala boma palokha mu 2003, itachoka pansi pa Mwanza, ndipo sitinganenenso kuti maofesi ali kutali. Alangizi a ziweto ayende limodzi ndi alangizi a zaumoyo, popeza mpanda wa nkhumba ndi chimbudzi cha pakhomo ndi nkhani imodzi. Mafumu akhazikitse malamulo a m'mudzi pa nkhumba zoyendayenda, ndipo lamulolo ligwire aliyense, ngakhale nkhumbayo ikhale ya mlamu wa amfumu. Nyama iyesedwe isanapachikidwe pamsika, ndipo chigodola chikabuka, pasapezeke wonyamula nkhumba panjinga usiku kukagulitsa kumudzi wina.