Moto wa uvuni suwotcha ziwengo

Amene amadzuka m'mamawa pa Mandimba kudikira galimoto ya ku Lichinga, kapena kutsika sitima ya ku Nampula pa Cuamba, amalidziwa fungo la buledi wotuluka mu uvuni wa nkhuni. Uvuni wanjerwa wotere ndi umenenso amaphikira chakudya chimene achinyamata obwera ku Nampula ndi ku Blantyre sakuleka kuchitchula: pizza.

Pizza kwawo ndi ku Naples, kummwera kwa Italy. Mataliyana si alendo m'dera lino, pakuti ansembe a Consolata, chipani chochokera ku Turin, adafika pa Mandimba mu 1926 ndi kutsegula mishoni ya Massangulo, ku Ngauma, mu 1928. Koma chakudyachi chabwera m'njira ina, ya amalonda ndi apaulendo a pa mseu wa N13. Ku Naples luso lake amalilemekeza kotero kuti bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe mu 2017. Kumeneko uvuni umatentha kupitirira madigiri 400, ndipo pizza imapsa mphindi ziwiri zisanakwane.

Yophikidwa bwino siivuta kuizindikira. Pansi pake pamakhala pouma, pa mawanga ofiirira, mphepete yotupa ndi yopepuka, pakati popanda phala la ufa wosapsa. Ikatuluka yakuda pansi koma yaiwisi pamwamba, ndiye kuti wophika wafulumira, uvuni usanatenthe mofanana. Nkhuni nazo zili ndi mlandu wake. Zaziwisi zimapereka utsi wowawa, ndipo matabwa opaka penti kapena mitengo yakale ya pa njanji, yomwe adainyika m'mankhwala a chiswe, siyenera kuyandikira chakudya. Tchizi ndiye chovuta koposa. Chimachokera kutali, chimafuna kuzizira, ndipo magetsi akathima tsiku lathunthu mwini malo amakhala pa mayeso: kutaya katundu wodula, kapena kumubisa pansi pa tomato ndi anyezi.

Komatu zonsezi lilime ndi mphuno zimaulula. Chimene sichioneka ndi ichi. Pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi chakudya china, ngakhale chikhale chabwino chotani. Wina akangolawa mtedza amatuluka ziwengo thupi lonse. Wina nsomba, wina mazira, mkaka, tirigu, soya, chitowe, mbibu kapena camarão. Kwa ambiri zimathera pa kuyabwa ndi kusanza. Kwa ochepa milomo ndi lilime zimatupa, pakhosi patsekeka, magazi athamanga mofooka, munthu nkugwa pasanathe theka la ola. Madokotala amati anaphylaxis, ndipo imapha.

Pizza imodzi ikhoza kusonkhanitsa zinayi mwa zimenezi: tirigu pansi, mkaka mu tchizi, nsomba kapena dzira pamwamba, ndi mbibu mu msuzi wobiriwira uja amati pesto. Ophika ambiri amaganiza kuti moto waukulu umatha zonse. Motowo umapha tizilombo ndithu, koma chimene chimadwalitsa munthu mu mtedza sichifa ndi moto. Mtedza wokazinga ndi woopsa kwa iye chimodzimodzi waiwisi. Ndipo sipafunika wambiri. Mpeni umene wadulira pizza ya nsomba, thabwa limene akandira ufa, dzanja limene latapa nsinjiro, mafuta amene akazingira usipa kenaka nkuthiramo mbatata, zonsezi zimanyamula kachidutswa kokwanira kumgoneka munthu m'chipatala. Kuchotsa nsomba pamwamba ndi foloko nkumupatsa yomweyo sikuthandiza kanthu.

Nkhaniyi si ya pizza yokha. Matapa, chisoso ndi nkhwani zotendera zili pa mbale ya tsiku ndi tsiku, ndipo nsinjiro sizioneka zikasungunuka.

Chodabwitsa nchakuti anthu a Mandimba ndi Ngauma kufunsa za m'mbale amakudziwa kale. Msilamu akalowa m'malo odyera amafunsa mosachita manyazi ngati muli chouriço kapena fiambre ya nkhumba, amafunsa amene wazinga nkhuku, ndipo woperekera zakudya amayankha mwaulemu, podziwa kuti akanama malonda atha. Koma mayi akafunsa kuti, “Achimwene, mwathiramo mtedza? Mwanayu umamudwalitsa,” kawirikawiri yankho limabwera msanga zedi: “Ayi mayi, mulibe, idyani.” Mnyamatayo sadapite kukhitchini kukafunsa. Sakunama mwadala, akungofuna kasitomala asachoke. Ena amaona ngati mayiyo akunyada, mwina akunyoza kaphikidwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma pano wofunsa nayenso akudyetsedwa phulalo.

Yankho loyenera ndi lakuti, “Dikirani mayi, ndikafunse ophika.” Ndipo ophika akaona kuti khitchini ndi yopanikiza, thabwa ndi limodzi, mpeni ndi umodzi, anene poyera kuti sangalonjeze. Kasitomala wobwezedwa moona mtima amabweranso mawa kudzagula buledi.

Kunja adaphunzira ndi maliro. Mu 2016 mtsikana wa zaka 15 wa ku Britain adadwala m'ndege n'kumwalira atadya buledi wokhala ndi chitowe chimene sichidalembedwe pa pepala lokutira. Makolo ake adalimbana mpaka lamulo lotchedwa Natasha's Law lidayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2021. M'maiko a European Union, kuyambira Disembala 2014, malo odyera amakakamizidwa kuuza kasitomala ngati chakudya chili ndi chimodzi mwa zinthu 14 zodziwika ndi vutoli. Ku Mozambique oyendera a boma amayendera malo odyera ndi ophikira buledi kuona ukhondo, sikelo ndi katundu wotha masiku. Ntchitoyo njabwino, koma khitchini yowala ngati galasi ikhoza kumupha ndithu mwana wodana ndi mtedza.

Kuno vuto limakula chifukwa cha mtunda. Kuchoka pa Mandimba kufika ku chipatala cha ku Cuamba kapena ku Hospital Provincial de Lichinga ndi makilomita pafupifupi 150 mbali iliyonse, ndipo pakhosi potupa sipadikira galimoto idzaze. Munthu akayamba kubanika, mawu kusasa kapena milomo kutupa atangodya, athamange naye ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo ndi kuwauza anamwino chimene wadya. Mankhwala opulumutsa ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pa ntchafu. Mapiritsi a ziwengo amangochepetsa kuyabwa, satsegula pakhosi. Wodwalayo agone chagada miyendo itakwezedwa, kapena akhale tsonga ngati kupuma kukuvuta, koma asayende yekha. Kumumwetsa mkaka kapena kumusanzitsa, monga achitira ena poganiza kuti wadya poizoni, nkutaya nthawi. Akapeza bwino asafulumire kupita kunyumba, chifukwa kutupako nthawi zina kumabwereranso patapita maola.

Palinso mlandu umene umatsala m'mudzi. Munthu akagwa atadya pa malo ena, mphekesera imathamanga yakuti wophika wamuthira mankhwala, mwina nsanje ya malonda, mwina ufiti. Abale amakwiya, malo amatsekedwa, pomwe anthu makumi awiri adadya mphika womwewo tsiku lomwelo osamva kanthu. Wodwalayo akachira osadziwa chimene chidamugwetsa, adzakadyanso mtedza womwewo pa ukwati wa mlongo wake ku Massangulo.