ZA KWATHU KU MUA: Osema ndi Mitengo Yawo



Ansembe oyamba anafika ku Mua m'chaka cha 1902, ndipo pa zaka zijazo panali udani waukulu pakati pa Mishoni ndi anthu a kudambwe. Makolo athu sakadakhulupirira kuti tsiku lina zigoba za gule wamkulu zoposa 400 zidzasungidwa pafupi ndi tchalitchi. Koma zinachitikadi. M'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher, amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa Kungoni, nasonkhanitsa anyamata a m'midzi kuti aphunzire kusema ndi kujambula. Pambuyo pake inamangidwa nyumba ya Chamare, yosungiramo miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Zosema za ana athu zinaoloka nyanja, nizifika mpaka ku Vatican.

Komatu pali chimene chindidetsa nkhawa. Wosema sasema mphepo, afuna mtengo. Mlombwa, m'bawa ndi phingo zilikutha m'mapiri mwathu, pakuti tatentha nkhalango kusandutsa makala, ndi kumakagulitsa pamsewu wa ku Salima. Ndalama za thumba limodzi zitha sabata isanathe, pamene phingo akula pang'onopang'ono, kotero kuti wobzala lero adzasemetsa mdzukulu wake. Tikapitiriza chotere, kasemasema adzachita dzimbiri padenga, ndipo luso lidzatsagana ndi nkhalamba kumanda.

Chifukwa chake, mvula ikagwa banja lililonse libzale mitengo pamunda pake. Ndiponso mwana wokonda kusema musamnyoze kuti ndi waulesi; pitani naye ku Kungoni akaone ntchito za akulu ake. M'mera mpoyamba.

Ndine mphunzitsi wanu wa ku Mua.